Batani lachinayi la a Felisberto

A Felisberto Bento anayendetsa makina ogaya pa fabrika ya ufa, kunja pang'ono kwa Furancungo, kwa zaka khumi ndi chimodzi, kapena kunena molondola, zaka khumi ndi miyezi isanu ndi inayi. Pa nthawi yonseyo injini sinapsepo m'manja mwawo, ndipo palibe thumba la ufa wawo limene linabwezedwa chifukwa cha chuku. Lero ali pachipata cha fabrika yomweyo, atavala malaya abuluu a mlonda amene manja ake ndi aafupi, moti mikono imatulukira kunja. Sanabe kanthu, sanabwerepo ataledzera, sanatukwane shefi, bwana wawo. Chimene chinawachotsa pamakina ndi batani limodzi, ndipo ankalidina ndi chala chawo, akudziwa bwinobwino chimene akuchita.

Anabadwira ku Chidzolomondo mu 1971. Nkhondo itafika kumeneko mu 1986, anathawira ku Malawi pamodzi ndi mayi awo ndi mlongo wawo wamng'ono, Doroteia, amene anamubereka kumsana njira yonse chifukwa mayi anali atasenza mphasa ndi mbewu. Bambo anati atsala tsiku limodzi kuti abwere ndi mbuzi. Sanabwere, ndipo mbuzi nazo sizinaoneke. Kumene anafikira, mbali ya Dedza, a Felisberto anadzapeza ntchito pa chigayo cha dizilo. Mwini wake anali munthu wosakonda kulankhula, wophunzitsa ndi chigongono, koma anawasiyira zinthu ziwiri zimene adyera moyo wawo wonse. Choyamba ndi kumvera makina: kugunditsa nsonga ya shavi, kachitsulo komasulira zomangira, pa thupi la injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu. Chachiwiri ndi kuluma njere ya chimanga asanachithire. Njere youma imathetheka pa dzino kuti khwa. Yachinyezi imangophwanyika mwakachetechete ngati mtedza wauwisi.

Anabwerera kwawo mu 1994 napeza pamudzi pali thengo, mitengo itamera m'kati mwa nyumba. Analima fodya zaka zingapo, anakwatira mayi Ilda, anabereka ana anayi. Fabrika itatsegulidwa kumapeto kwa 2013, anthu ambirimbiri anaunjikana pachipata, aliyense ndi mapepala ake a maphunziro a ku shikola. A Felisberto analibe pepala ngakhale limodzi. Anangoima pa mpanda makina akuyesedwa, kenako anauza mlonda kuti nyundo imodzi m'katimo yakhwepa. Amisiri anaseka, komabe anatsegula, napeza zili choncho. Mawa lake anayamba ntchito, ndipo kuchokera tsiku limenelo aliyense ankawatcha mesitiri, kutanthauza mmisiri wamkulu.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchifotokoza bwino, chifukwa popanda icho zotsatirazi sizingamveke. Kumidzi ya kwawo chimanga chimakololedwa chisanaumitsitse. Si ulesi ndipo si umbuli. Mabanja akale amene akuwetabe ng'ombe amazimasulira m'minda kumayambiriro kwa Junyu kuti zidye mapesi, monga ankachitira makolo awo, ndipo amene wachedwa kukolola, ng'ombe zimamukololera. Ndiye pamabwera nkhungu ya m'nyengoyo, dzuwa n'kumangosuzumira masana ngati munthu wodutsa. Fabrika inkagula chimanga kudzera m'magulu a alimi, ndipo thumba lililonse linkakhala ndi numeru ya gulu lake. Gulu la Doroteia, mabanja makumi anayi, ambiri mwa iwo obwerera ku Malawi, linali numeru 9.

Chimanga chachinyezi chikalowa m'makina, injini imasintha mawu, imayamba kubuula, ndipo masefa amamatika. A Felisberto akamva zimenezo ankaimitsa makina, kutsitsa matumba achinyeziwo, kukawakhuthula pa simenti kuseri kwa fabrika kuti aume masiku awiri, iwo n'kumagaya china. Kwa zaka khumi palibe anafunsa chifukwa chake makina ankaima mphindi makumi awiri apa, makumi atatu apo. Ufa unkatuluka, ndipo unali wabwino.

Mvula ya 2024 ikutha, eni fabrika, amene amakhala ku Tete, anatumiza enjenyera. Dzina lake Nélia Jorge, mtsikana wa ku Tsangano, mwana wa alimi a mbatata ya kachewere, wophunzira bwino ndiponso waulemu. Anamangirira tizitsulo tating'ono ngati chala pa injini, pa lamba ndi pa sikelo ya ufa, mawaya ake onse n'kukathera pa kagalasi kowala kokhomedwa pakhoma. Atamaliza anaitana oyendetsa makina awiriwo: a Felisberto, a turunu kapena kuti shifiti ya m'mawa, ndi Leonel, bambo wachinyamata wa turunu ya masana, munthu wosasowa choseketsa.

"Kagalasika kamaona zinthu zitatu," anatero Nélia. "Makina ayenda mphindi zingati, athamanga bwanji, ndipo ufa wabwino watuluka wochuluka bwanji. Kakaphatikiza kamatulutsa numeru imodzi. Imeneyo ndiye efisiyensiya. Ikapitirira oyitenta, 80, kagalasi kamabiriwira. Ikatsika pansi pa sesenta e sinku, 65, kamafiira."

"Ndiye muzipita nayo ku Tete mwezi ukatha?" anafunsa a Felisberto.

"Ayi, mesitiri, ikupita yokha. Mmene tikulankhulamu, ashefi akuiona pa telefoni."

"Ngakhale ali kubafa?" anatero Leonel.

"Makamaka ali kubafa," anayankha Nélia, ndipo onse anaseka, a Felisberto nawonso.

Pansi pa kagalasi panali mabatani anayi. Makina akaima kupitirira mphindi ziwiri, kagalasi kankafunsa chifukwa, ndipo injini sinkadzukanso mpaka munthu atadina limodzi. Loyamba linali la magetsi kuthima. Lachiwiri, makina kuwonongeka. Lachitatu, chimanga choipa. Lachinayi, woyendetsa. Batani lachitatu lokha ndi limene linali ndi funso linanso pambuyo pake: linkafuna numeru ya pa thumba. Ndipo lamulo lochokera ku Tete linati gulu limene numeru yake yaoneka katatu lichotsedwe pa ogulitsa mpaka chaka chamawa.

Miyezi iwiri yoyambirira ankagaya chimanga cha chaka chatha, chouma ngati miyala. Kagalasi ka a Felisberto kankabiriwira tsiku lililonse, 87, 88, kupitirira Leonel. Tinene mwachilungamo, anakakonda kagalasiko. Anauza mayi Ilda kunyumba kuti tsopano pabwera mboni, kuti zimene akhala akuchita zaka zonsezi ziyamba kuoneka mpaka ku Tete.

Lachiwiri loyamba la Junyu, cha m'ma teni... kapena kuti dezi ora, monga amanenera kuno, injini inayamba kubuula. A Felisberto anaimitsa makina, anatapa njere pa thumba lotsegula naluma. Sinathetheke. Anatembenuza thumbalo kuti aone numeru, ngakhale msoko wake anali ataudziwa kale, chifukwa Doroteia amasoka thumba ndi luzi wapawiri monga ankachitira mayi awo. Kagalasi kanali kakudikira. Chala chawo chinaima pa batani lachitatu nthawi yokwanira kupuma kawiri, kenako chinatsika n'kudina lachinayi. Ananyamula matumba kupita nawo kuseri.

Mawa lake zinachitikanso, ndi mkuja wake. Sikuti chinali cha numeru 9 chokha. Panali numeru 4, numeru 12, midzi yoyandikana, anthu amene anaima nawo pa mzere wolandira chakudya ku Dedza. Aliyense wa iwo, a Felisberto ankamudinira lachinayi.

Leonel analibe vuto limenelo, chifukwa sankaimitsa makina. Chimanga chikakhala chachinyezi ankangochepetsa pang'ono pothirira n'kupitiriza, injini ibuule mmene ingabuulire. Turunu yake ikamatha masefa ankakhala atamatika ngati apakidwa phala, ndipo wowatsuka m'mawa anali a Felisberto, mphindi makumi anayi makina ali chete. Kagalasi kakafunsa, ankaona kuti magetsi alipo, makina sanawonongeke, ndipo kuneneza mnzawo sanakuphunzire. Lachinayi. Ndiye masana, chimanga chimene iwo anayanika chikauma, wochigaya anali Leonel yemweyo, chikuyenda ngati madzi. Pofika pakati pa Julyu, Leonel anali pa 86, a Felisberto pa 61.

"Mesitiri, kagalasi kanu lero kavala zofiira ngati kwaya ya pa Pentekoste," anatero Leonel tsiku lina posinthana turunu. "Kodi khutu lija latha mapilya ngati wailesi?"

"Khutu lili bwino. Likumva ndi zimene umachita madzulo."

"Ine ndimagaya, tiyu, malume anga. Inu mumayanika. Akanakulembani ntchito ya dzuwa."

"Gaya phala lakolo. Tsiku lina udzalimwa."

Leonel anaseka, nawagwira paphewa mwachikondi ndithu. Sanali munthu woipa. Ankangodziwa chimene kagalasi kamafuna.

Amene anaona zoona zake anali Nélia. Anawapeza kuseri kwa fabrika akusalaza chimanga ndi thabwa, nkhungu isanachoke bwino pamwamba pa mitengo. Anawaonetsa telefoni yake, pamene panali kamzere kokwera ndi kutsika.

"Awa ndi magetsi amene injini ikukoka," anatero. "Onani apa, mesitiri. Nthawi iliyonse musanaimitse, kamzereka kamakwera. Apa, apa, ndi apa. Woyendetsa sangachititse zimenezi. Ichi ndi chinyezi."

A Felisberto anayang'ana kamzereko nthawi yaitali. Kanali kojambula ndendende chimene khutu lawo linkamva, ndipo zimenezo zinawasangalatsa ndi kuwawawa pamodzi.

"Ndakulira ku Tsangano ine," anapitiriza Nélia. "Nkhungu ndikuidziwa, kwathu imaposa ya kuno. Sindikunena kuti alimiwo ndi olakwa. Koma inu mukulemba bodza, ndipo bodzalo likugwera inu."

"Mwana wanga, batani lachitatu limafunsa numeru."

"Limafunsa, inde."

"Numeruyo ili ndi ana."

Nélia anaika telefoni m'thumba. Kenako ananena kuti anali atapempha kale ku Tete kuti awonjezere batani lachisanu, la kuyanika, koma anamuyankha kuti pulogalamuyo inagulidwa kunja ndipo siisinthika chifukwa cha fabrika imodzi ya kumudzi.

"Dinani kawiri kokha pa gulu lililonse," anatero. "Lamulo likuti katatu. Numeru yanu ikwerako."

"Ndikadina kawiri ine, kachitatu adzadina wina. Ndiye ndidzakhala nditawafikitsa pakhomo, mnzanga n'kungokankha."

"Ine mu relatoriyu, lipoti langa, ndimalemba zimene zili pa kagalasi, mesitiri. Sindingasinthe."

"Lembani. Ndi ntchito yanu."

Kunyumba, mayi Ilda ndiwo anali osaugwira mtima. Loweruka lina masana, akuchapa malaya a ntchito odzaza gaga, anafunsa ngati Doroteia akudziwa zimene zikuchitika.

"Ndinatumiza mawu kuti aziyanika kwambiri," anatero a Felisberto.

"Anati bwanji?"

"Anati ayanike pati, pa nkhungu?"

"Sindikunena zimenezo. Za batanilo mwamuuza?"

"Ndimuuze kuti atani? Azindigwadira?"

"Mukufera anthu osadziwa n'komwe kuti mukuwafera," anatero mayi Ilda, nafinya malayawo mpaka anamveka kuthetheka msoko.

Sanamuuze. Kwa a Felisberto, munthu amene wathandiza mlongo wake n'kukamuuza ndiye kuti sanamuthandize, wangomusenzetsa katundu wina. Ankaganizanso, ndipo apa ndi pamene analakwitsa, kuti Agostu akafika chimanga chidzauma, kagalasi kadzabiriwiranso, ndipo zaka khumi zidzawalankhulira.

Shefi anabwera kuchokera ku Tete sabata yoyamba ya Agostu. Nkhani yake sinatenge mphindi khumi ndi zisanu. Anaika pathebulo pepala limene panali kuima kwa makina kokwana makumi anayi ndi katatu m'miyezi iwiri, konseko chifukwa chake chili chimodzi.

"Anadina ndi inu?"

"Ndine."

"Pali anakukakamizani?"

"Palibe."

"Ndiye tikambirana chiyani?"

Nélia analankhula. Anatulutsa telefoni, anaonetsa kamzere ka magetsi, anafotokoza za chinyezi ndi za masefa omatika. Shefi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ngati zili choncho ndiye kuti nkhaniyo yakula, chifukwa munthu wochedwa akhoza kuphunzitsidwa, koma munthu amene wanamiza makina miyezi iwiri sangasiyiridwenso makina. Anati chifukwa cha msinkhu wawo ndi zaka zimene agwira sawachotsa ntchito. Pachipata pankafunika munthu.

A Felisberto anati obrigadu, zikomo. Mawu amenewo amawawawabe mpaka lero.

M'malo mwawo munabwera Jaime, wochokera ku Tete, amene sankadziwa kuti Chidzolomondo ili mbali iti. Iye ankadina batani loyenera nthawi iliyonse, ndipo palibe angamunene. Chimanga chotsalira cha numeru 9 chinaoneka pa kagalasi katatu sabata isanathe. Nélia anachonderera ku Tete kuti asachotse gululo, koma agule kachipangizo koyezera chinyezi pachipata pomwepo, kuti chouma chizilowa, chachinyezi chizibwerera, aliyense aziweruzidwa ndi thumba lake. Anavomera. Ndipo Nélia yemweyo ananena kuti kachipangizoko kapatsidwe kwa mesitiri, chifukwa palibe wina pa fabrika wodziwa chimanga ngati iwo. Ankafuna kuwalemekeza. Palibe chifukwa chokayikira zimenezo.

Kachipangizoko ndi kabokosi kachikasu. Umathiramo njere zodzaza kachikho, n'kudina, ndipo kamaonetsa numeru. Ikapitirira 14, chimanga sichilowa. Nakonso kamatumiza zimene kaona ku Tete nthawi yomweyo.

Junyu wa chaka chino, Lachinayi m'mawa, ngolo ziwiri zinafika pachipata, ng'ombe zake zitatuwa ndi fumbi mpaka m'maso. Patsogolo pankayenda Doroteia, mayi wa zaka makumi anayi ndi zitatu tsopano, atamanga nsalu ziwiri chifukwa cha kuzizira. Anali atanyamuka dzulo lake, nagona panjira.

"Achimwene, mwadzuka bwanji? Malayawo akukhalani ngati obwereka."

"Ndadzuka, mlongo. Ana ali bwanji?"

"Akudikira chimangachi chilowe."

A Felisberto anamasula luzi wapawiri uja, anatapa njere naluma. Anadziwa. Komabe anathira m'kabokosi, nadina. 18. Anayesa thumba lina, la pansi penipeni. 17. Anapita pa ngolo yachiwiri, nasankha thumba limene linali mbali ya dzuwa. 18. Anthu a gululo amene anabwera ndi ngolozo anali ataima mozungulira, akuyang'ana manja awo.

"Sichingalowe," anatero a Felisberto. "Chikufunika masiku awiri kapena atatu padzuwa."

"Yanikani kuseriko, monga kale."

"Kuseriko anatseka. Anamangapo mosungira matumba."

"Ndiye lembani kuti chauma."

"Sindilemba ine. Kalemba kale, ndipo ku Tete aona."

Doroteia anawayang'ana kuyambira pa chipewa mpaka pa nsapato.

"Zaka khumi chimanga chathu chinkalowa muno," anatero, osakweza mawu. "Nkhungu ndi yomweyo, ng'ombe ndi zomwezo, minda ndi yomweyo. Mwangokhala pachipata inu, chayamba kunyowa?"

"Pitani nacho kunyumba kwanga. Ilda ali ndi malona awiri oyanikirapo chimanga, bwalo lilipo. Lolemba mudzabwere nacho."

"Eni ngolo akuzifuna mawa." Anakoka nsalu yake paphewa. "Kumudzi anthu ankanena chaka chatha kuti numeru yathu inatuluka chifukwa a Felisberto anatitchula kuti asachotsedwe ntchito. Ine ndinkawatsutsa. Ndinkati munthu amene anandibereka kumsana mpaka ku Dedza sangatero."

A Felisberto anatsegula pakamwa. Zonse zinali pafupi: makumi anayi ndi katatu, batani lachinayi, pepala la shefi. Nélia akanatha kuchitira umboni, ofesi yake ili mapazi makumi awiri kuchokera pachipata. Koma anaona nkhope za anthu aja, naona mmene zikanamvekera, mlonda wa kabokosi kachikasu m'manja akudzitamandira kwa anthu amene akuwabweza. Anasoka thumba lija bwinobwino, luzi wapawiri, monga analipezera.

"Muyende bwino, mlongo," anatero.

Doroteia anatembenukira ku ngolo. Kutembenuza ngolo yodzaza pa msewu wopapatiza umenewo n'kovuta, ndipo zinatenga nthawi. Ng'ombe imodzi inagwada, anthu anaikalipira, inadzuka. A Felisberto anafuna kukathandiza kukankha, koma bambo wina wa gululo, amene anagona naye tenti imodzi ku Malawi, anangokweza dzanja kuti asayandikire.

Ngolo zitazimiririka kuseri kwa mabulugamu, pachipata panakhala bata, ndipo m'batamo anamva kaphokoso kochokera m'fabrika, kakang'ono, pansi pa mkokomo wa injini. Shavi ija amayenda nayobe m'thumba la malaya a ulonda, koma sanafunike kuitulutsa. Leonel, amene tsopano ali pa turunu ya m'mawa, anatuluka kudzagula mandasi kwa mayi wogulitsa pambali pa mpanda.

"Rolamentu ya kumanzere, beringi ija, ikulira," anamuuza a Felisberto. "Siifika mwezi wamawa."

"Kagalasi kali pa oyitenta e oyitu, 88, tiyu. Kobiriwira ngati dimba."

"Ndikunena zimene ndikumva."

"Kakanena kagalasi, tidzasintha," anatero Leonel, nawapatsa mandasi limodzi, n'kubwerera m'kati.

Kamiyawu, lole ya gulu lina, inali itaima kale, dalaivala akuliza hutala. A Felisberto anaika mandasilo pa mpando, anapukuta kachikho ka kabokosi ndi nsonga ya malaya, napita kukamasula thumba loyamba.